Ntchito, maulendo ndi masewera: zimene taona pa bungwe lothandiza akuluakulu a ulumali wa kakulidwe

Mng'ono wanga ali ndi zaka 27 ndipo anabadwa ndi Down syndrome. Kuchokera pamene anasiya sukulu kufikira pamene tinamulembetsa ku bungwe limene ndikufotokoza pano, panadutsa zaka 6 zimene anathera pampando umodzi wa pabalaza, akuonera kanema ndi kudikira kuti wina wa ife aweruke kuntchito. Makolo ndi abale a anthu a ulumali wotere amaidziwa bwino nyengo imeneyi, ngakhale kuti saikamba kawirikawiri: sukulu ikatha, dongosolo la tsiku limathera pomwepo, anzake a m'kalasi amabalalika, ndipo munthu amene anavutikira kuphunzira kuwerenga wotchi amayamba kuiwala chifukwa palibenso kumene akufunika kufika pa nthawi yake. Munthu amene wakhala zaka zonsezo wopanda thandizo amafulumira kuyamikira chilichonse chimene wapatsidwa, n'chifukwa chake ndadikira dala mpaka patha zaka 2 ndi theka, kuti chisangalalo choyambacho chizizire ndisanalembe.

Bungweli si la boma ndipo silichita malonda. Limathandiza anthu akuluakulu a ulumali wa kakulidwe, kutanthauza ulumali umene umayamba munthu asanakule n'kukhala nawo moyo wake wonse, monga Down syndrome, autism, cerebral palsy ndi kuvutika kuphunzira kochokera ku zifukwa zina. Lili ndi nthambi yopezera anthu ntchito ndi kuwathandiza kukhazikika, nthambi yotumiza athandizi kunyumba kuti aziperekeza munthu kubanki, kuchipatala ndi kogula zinthu, ndiponso nthambi ya masewera ndi zosangalatsa. Dzina lake sinditchula, popeza zina zimene ndinene ndi madandaulo a banja limodzi lokha. Nthambi ya ntchito ndi yabwino kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo ndidzaikamba motalikirapo chifukwa ndi yokhayo imene yasinthadi moyo wa mng'ono wanga. Zinazo zili ndi zabwino zake, koma munthu akaziona amadabwa kuti zonsezi zikuchokera mu ofesi imodzi yomweyo, kwa mtsogoleri mmodzi yemweyo.

Tsiku lomulandira ndinali nditakonzeka kudzaza mafomu ofunsa zimene mng'ono wanga sangathe kuchita, popeza amenewo ndiwo mafunso amene tinazolowera kuyambira ali khanda. M'malo mwake kunabwera mayi wina wa ku nthambi ya ntchito, amene anatichezera katatu kunyumba, ulendo uliwonse kwa maola pafupifupi 2, wopanda fomu m'manja. Anakhala moyang'anizana naye n'kumufunsa kuti, "Kodi inuyo mukadzuka m'mawa mumakonda kuyamba ndi chiyani?" Ndinaona kuti akumutchula kuti "inu", pamene alendo ambiri, ngakhale ocheperapo msinkhu, amangoti "iwe" ngati akulankhula ndi kamwana. Mwa chizolowezi cha zaka zambiri ndinayamba kumuyankhira, ndipo mayiyo anandiletsa mwaulemu kuti, "Achimwene, tiyeni tiwapatse mpata, ayankha okha." Tinakhala chete kwa nthawi imene inanditalikira kwambiri, mwina masekondi 15 okha, mpaka yankho linabwera, lomveka bwino, ndipo silinali limene ine ndikanapereka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinachita manyazi kuti mlendo ndiye anandikumbutsa zimenezi m'nyumba mwathu momwe.

Kudekha kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Anthu ambiri a Down syndrome amamvetsa zambiri kuposa zimene amatha kutulutsa pakamwa, amakumbukira bwino zimene aona kusiyana ndi zimene angouzidwa, ndipo ambiri ali ndi vuto la makutu limene limachititsa kuti chiganizo chachitali chiwatayike chisanathe. Amene akudziwa izi amalankhula mwachidule, amaonetsa ndi manja kapena ndi chithunzi, kenako amadikira. Pa ulendo wachiwiri mayiyo sanafunse zambiri, anangomutsatira m'nyumba, ndipo anaona chinthu chimene ife tinkachiona tsiku ndi tsiku osachiwerengera: zovala zonse zochapa za pakhomo ndi iyeyo amene amapinda, amazisanja potsata mtundu ndi kukula, ndipo akapeza thawulo limene wina walipinda mokhota amalimasula n'kulipindanso. Ife tinkangoti ndi makani ake, koma mayiyo anakulemba ngati chinthu choyamba chimene angagulitse kwa olemba ntchito.

Njira imene nthambiyi imatsata ili ndi mbiri yake, ndipo amene akuidziwa savutika kusiyanitsa bungwe labwino ndi longosunga anthu kuti tsiku lithe. Kwa zaka zambiri maiko ambiri ankatsekera anthu a ulumali wotere m'nyumba zikuluzikulu zowasungiramo, ndipo ku America mtima wa anthu unatembenuka kwambiri mu 1972, ataona pa kanema mmene ana ndi akulu ankazunzikira ku Willowbrook State School ku New York. Nyumba zoterozo zitayamba kutsekedwa, ambiri mwa otulukamo ankatumizidwa masana kumalo apadera ogwiriramo ntchito anthu olumala okhaokha. Ganizo linali lakuti munthu aphunzitsidwe kaye kumeneko mpaka atakonzeka, kenako adzapite kuntchito yeniyeni, koma ambiri ankakalamba akukonzekerabe. M'zaka za m'ma 1970 zomwezo, katswiri wina wa ku America, Marc Gold, anaonetsa kuti anthu amene akatswiri anali atawalemba kuti sangaphunzire kanthu ankatha kulumikiza mabuleki a njinga a tizidutswa tambirimbiri, malinga ntchitoyo itagawidwa m'magawo ang'onoang'ono, ndipo chiphunzitso chake chinali chakuti wophunzira akalephera, woyenera kusintha njira ndi mphunzitsi. Maganizo otere ndiwo anabala dongosolo lotembenuza zinthu, lakuti munthu alembedwe ntchito kaye n'kuphunzitsidwira pomwepo, mlangizi ali pambali pake. Dongosololi linalowa m'malamulo a ku America mu 1986 ndipo lafalikira m'maiko ambiri.

Kufufuza ntchito kunatenga miyezi 4, ndipo malo awiri oyamba sanatheke. Kusitolo yaikulu kumene anayesa kuika katundu m'mashelefu kunali nyimbo zosalekeza ndi makasitomala omufunsa mafunso mothamanga, ndipo tsiku lachitatu ananena yekha kuti sakufuna kubwererako. Mlangizi sanamunyengerere, analemba chifukwacho n'kupitiriza kufufuza. Malo achiwiri anali osamalira maluwa, koma ntchito yake inali ya nyengo chabe. Achitatu anali chipinda chosungiramo nsalu pa hotela ina yaikulu, ndipo chimene ndinayamikira n'chakuti mlangiziyo sanapite kumeneko kukapempha chifundo. Anapempha kaye kuonerera mmene ntchito imayendera, ndipo anapeza kuti okonza zipinda ankataya pafupifupi ola lathunthu m'mawa uliwonse akusankha matawulo, nsalu zoyala pabedi ndi zovekera mapilo n'kuzikweza m'ngolo zawo zokankha. Anauza bwana wa pamalopo kuti ntchito imeneyi itapatsidwa kwa munthu mmodzi woikonda, okonza zipinda angamayambe msanga, ndiponso kuti munthu woteroyo anali naye kale. Motero ntchito imene mng'ono wanga analembedwa ndi yofunikadi pamalopo, moti tsiku limene wadwala anzake amadandaula.

Mlangiziyo anayamba ndi kugwira ntchitoyo iye mwini kwa masiku 2, kenako anaigawa m'masitepe 14 n'kujambula chithunzi cha sitepe iliyonse, manja a mng'ono wanga akuoneka pachithunzipo. Zithunzizo anazisoka kukhala kabuku kolowa m'thumba la yunifomu. Pamashelefu anamata matepi a mitundu yosiyanasiyana, wabuluu pa matawulo aakulu ndi wachikasu pa aang'ono, ndipo atazindikira kuti kuwerenga mpaka 24 popanda kusokonezeka kukumuvuta, anamuphunzitsa kuunjika milu 4 ya matawulo 6, chinthu chimene anachigwira tsiku lomwelo. Pophunzitsa sankalankhula zambiri. Ankaima chakumbuyo, akaona dzanja likulowera kolakwika ankangoloza, ndipo sankamuombera m'manja pa kanthu kalikonse kakang'ono monga amachitira anthu ena amene amasangalala mopitirira muyeso munthu wamkulu akamanga zingwe za nsapato. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: masitepe 14 aja anawamaliza m'masabata 5, ndipo lero kabukuko amangokatulutsa akafuna kuonetsa alendo.

Koma luso lalikulu la nthambiyi ndinaliona pa kachokedwe ka mlangizi. Masabata 3 oyamba anali naye shifiti yonse. Kenako anayamba kufika mochedwa ndi kuchoka msanga, pambuyo pake ankakhala m'chipinda china, ndipo pofika mwezi wachinayi ankangobwera kamodzi pa sabata. Nthawi yonseyi, ogwira ntchito anzake akafuna kuuza mng'ono wanga kanthu n'kutembenukira kwa mlangizi, iye ankawabweza kuti, "Auzeni eni ake, ali pomwepa." Ankachita izi dala kuti asakhale womasulira wa muyaya pakati pa iye ndi anzake, ndipo zotsatira zake n'zakuti lero amene amamukumbutsa nthawi yopuma ndi bambo wina wachikulire wa kumakina ochapira, amene palibe anamutuma kuchita zimenezi ndipo amakangana naye za mpira tsiku lililonse. Mlangizi atayamba kuchepetsa masiku ndinada nkhawa, ndipo ndinaimba foni kuofesi kufunsa ngati akutithawa. Anandifotokozera kuti mlangizi akakhalitsa, aliyense pamalopo amazolowera kuganiza kuti munthuyo sangathe payekha, ndipo mwini wakeyo amayambanso kukhulupirira zomwezo. Sindinakhutire tsiku limenelo, koma ndinali wolakwa.

Mng'ono wanga amagwira masiku 4 pa sabata, maola 4 m'mawa uliwonse, ndipo amalandira pa ola chimodzimodzi ndi aliyense wa udindo wofanana naye, pa mgwirizano wa ntchito wolembedwa m'dzina lake, ndalama zikulowa mu akaunti yakeyake ya kubanki. Izi si za paliponse. Ku America, lamulo la za ntchito la 1938 lili ndi gawo lolola olemba ntchito ena kulipira anthu a ulumali ndalama zochepera malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, ndipo m'maiko ambiri muli malo amene anthu amagwira tsiku lonse n'kupatsidwa kangachepe kotchedwa chithokozo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali, limene linavomerezedwa pa 13 Disembala 2006 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2008, limanena m'gawo 27 kuti anthu amenewa ali ndi ufulu wopeza zofunika pamoyo kudzera mu ntchito imene aisankha okha, pakati pa anthu ena onse, ndi kulipidwa mofanana pa ntchito yofanana. Bungweli limatsata zimenezi ndi mtima wonse, moti linakana malo ena amene ankafuna kumutenga ngati wongodzipereka kwa chaka chathunthu. Ndaonanso kuti achibale amene kale ankandifunsa ine kuti "ali bwanji mwana uja" iye ali pomwepo, tsopano amamufunsa mwini wake kuti kuntchito kukuyenda bwanji.

Mayeso enieni anabwera patatha chaka ndi miyezi 2. Kunabwera kapitawo watsopano amene anasintha kasanjidwe ka mashelefu m'sabata yake yoyamba n'kumatula matepi aja poganiza kuti ndi zinyalala. Mng'ono wanga anayamba kulakwitsa, ngolo zinkapita zosakwanira, ndipo m'mawa wina anakana kuvala yunifomu. Tinaimbira bungwe Lachiwiri, ndipo Lachinayi mlangizi yemwe uja anali pamalopo. Anakhalako masiku 6, anajambula zithunzi zatsopano, ndipo anakhala pansi ndi kapitawoyo n'kumuonetsa chifukwa chake matepi analipo, popanda kumudzudzula pamaso pa anthu. Anthu ambiri a ulumali wotere amataya ntchito pa nthawi ngati imeneyi, pamene chinachake chasintha n'kusowa wowathandiza kuzoloweranso, ndipo bungwe limene limatseka fayilo munthu akangolembedwa ntchito silingathandize. Ili silitseka fayilo.

Nkhani ya basi ndiyo inatigawanitsa pabanja. Bungwe linanena kuti munthu wogwira ntchito ayenera kudzifikira kuntchito, ndipo linamuphunzitsa pang'onopang'ono: poyamba mthandizi ankakhala naye mpando umodzi, kenako kumbuyo kwenikweni kwa basi, kenako ankangomudikira pasiteji yotsikira. M'sabata yachiwiri yoyenda yekha anagona m'basi n'kupitirira. Anachita zimene anaphunzitsidwa, anaonetsa dalaivala khadi yokhala ndi dzina la siteji yake, anadina nambala yoyamba pafoni yake, ndipo patatha mphindi 40 anali kuntchito. Mayi athu anakwiya kwambiri n'kunena kuti zimenezi zithe, koma a bungwe anayankha mofatsa kuti aliyense wokwera basi anapitirirapo siteji, ndipo chofunika n'chakuti anadziwa chochita. Wolemba wina wa ku America, Robert Perske, analemba mu 1972 kuti kuteteza munthu wa ulumali ku chiopsezo chilichonse kumamulanda ulemu umene munthu wamkulu aliyense ali nawo, woyesa n'kulakwitsa. Ine ndinagwirizana ndi bungwe, ngakhale kuti mphindi 40 zija sindikufuna kuzionanso, ndipo mayi athu mpaka lero amamuimbira foni akangotsika.

Nthambi ya athandizi a kunyumba imatipatsa maola 6 pa sabata, ndipo ikayenda bwino imathandiza kwambiri. Mthandizi wathu wachiwiri ndiye anaona kuti mng'ono wanga akutopa msanga, akunenepa ndiponso akumva kuzizira pamene ena sakumva, ndipo anatilangiza kuti tipemphe dokotala ayeze chithokomiro. Kufooka kwa chithokomiro kumachitika kawirikawiri mwa anthu a Down syndrome, ndipo zizindikiro zake anthu amangoziika pa ulumaliwo n'kumati ndi ulesi. Kuyeza magazi kunatsimikizira, anayamba kumwa mankhwala, ndipo kugona m'basi kuja tinakumvetsa pambuyo pake.

Vuto n'lakuti mthandizi ameneyo anachoka patatha miyezi 5, ndipo m'zaka 2 ndi theka tasinthiridwa athandizi 7. Sindiwaimba mlandu, chifukwa ntchito yawo ndi yolemera, malipiro ake ndi otsika, ndipo amene wapeza pena pabwino sangakane. Koma mng'ono wanga amamutenga aliyense ngati mnzake, amasunga tsiku lake lobadwa, ndipo aliyense akachoka amakhala masabata angapo akufunsa kuti walakwa chiyani. Awiri mwa iwo anachoka osatsanzika n'komwe. Chimene ndikuimba nacho bungwe mlandu n'chakuti zodziwa za mthandizi wochoka sizifika kwa wobwera. Mthandizi wachisanu sanauzidwe kuti khutu lakumanzere la mng'ono wanga silimva bwino, ankayenda naye ali kumbali imeneyo, ndipo analemba mu lipoti kuti "sakumvera malangizo". Mawu amenewo anakhala mu fayilo miyezi 2 tisanawaone. Kangapo konse ulendo walephereka ndi uthenga wa pafoni wobwera kutatsala ola limodzi, iye atavala kale nsapato, ndipo aliyense wodziwa mmene anthu otere amadalira dongosolo la tsiku akudziwa kuti tsiku lonselo limakhala litaonongeka.

Mapepala awo nawonso ndi okhumudwitsa. Chaka chilichonse pamakhala msonkhano wokonza zolinga za munthu, ndipo amati mwini wake ndiye amatsogolera, koma chikalata chimene chimatuluka chimakhala cha masamba 11 a zilembo zing'onozing'ono, chopanda chithunzi ngakhale chimodzi, chimene mwini wakeyo sangachiwerenge. Nthambi ya ntchito ili m'chipinda choyandikana nacho ndipo imadziwa kupanga kabuku ka zithunzi, koma luso limeneli silinawoloke khomo. M'chikalata cha chaka chachiwiri tinapezamo dzina la munthu wina pa ndime ziwiri, umboni wakuti zolingazo anangozikopera kuchokera mu fayilo ya mnzake, ndipo mwa njira imeneyi tinadziwa za umoyo wa munthu amene sitinayenere kudziwa zake. Dandaulo lathu linayankhidwa patatha masabata 6, ndi kalata yopepesa yolembedwa bwino koma yosanena chimene asintha.

Zithunzi za nthambi ya zosangalatsa zimakongola kwambiri m'timapepala ta bungwe, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kalabu ya Lachisanu madzulo imachitikira mu holo ya bungwe lomwelo, ndipo nditapitako koyamba ndinapeza amuna ndi akazi a zaka 30 ndi 40 akupaka utoto zithunzi za tiana ta nyama, nyimbo za ku sukulu ya mkaka zikulira, ogwira ntchito akuwatchula kuti "ana athu". Bengt Nirje wa ku Sweden anafotokoza kale mu 1969 kuti anthu a ulumali wa nzeru ayenera kukhala ndi mayendedwe a tsiku, a sabata ndi a chaka ofanana ndi a anthu ena a msinkhu wawo, ndipo patha zaka zoposa 50 chinenedwere zimenezi. Maulendo okacheza amayenda anthu 12 m'galimoto yolembedwa dzina la bungwe mbali zonse, onse atavala malaya a mtundu umodzi, ndipo amasankha maola amene kumaloko kulibe anthu ena. Gawo 30 la pangano la United Nations lija limakamba za kutenga nawo mbali m'zosangalatsa ndi masewera mofanana ndi ena, koma gulu lotere limangodutsa pakati pa anthu popanda kudziwana ndi aliyense. Dansi ya kumapeto kwa chaka imatha 8 koloko madzulo chifukwa shifiti ya ogwira ntchito imathera pamenepo.

Komabe ndikanama nditanena kuti mng'ono wanga amadana nayo kalabuyi. Amaikonda, ndipo Lachisanu amayamba kukonzeka masana. Kumeneko kuli anzake amene samudikira mopirira akamalankhula chifukwa nawonso amalankhula pa liwiro lomwelo, ndipo ubwenzi woterewu ndi weniweni, sindingaupeputse pofuna kuti azicheza ndi anthu opanda ulumali okhaokha. Chimene ndikutsutsa ndi zochita zimene amawakonzera popanda kuwafunsa. Ku Oregon, m'dziko la America, anthu a ulumali wa nzeru anachititsa msonkhano wawo waukulu mu 1974 pansi pa dzina lakuti People First, kufuna kudzilankhulira okha, koma kalabuyi ilibe ngakhale komiti ya mamembala. Kumenekonso anapezako chibwenzi, mtsikana wa zaka 25, ndipo titafunsa ngati bungwe lili ndi maphunziro a za ubwenzi, za thupi ndi za kudziteteza kwa ofuna kuwadyera masuku pamutu, anatiyankha kuti nkhani imeneyo ndi ya makolo. Lamulo lokhalo limene lilipo n'lakuti asagwirane manja mu holo. Apa ndikuona kuti bungwe likuthawa udindo, chifukwa munthu amene sanaphunzitsidwe kusiyanitsa kukhudza koyenera ndi kosayenera ndi amene ali pangozi yaikulu.

Chowala m'nthambiyi ndi masewera a Loweruka, amene amayendetsedwa motsata dongosolo la Special Olympics, gulu la masewera a anthu a ulumali wa nzeru limene Eunice Kennedy Shriver anayambitsa ndipo linachita mpikisano wake woyamba ku Chicago mu 1968. Ochita masewera amagawidwa potsata luso lawo kuti mpikisano ukhale weniweni, ndipo timu ya mpira imene mng'ono wanga amasewera ndi yosakaniza a ulumali ndi opanda ulumali, onse ovala jezi imodzi ndi kukalipiridwa ndi kochi mofanana. Asanamulole kusewera anafuna kalata ya dokotala yonena za khosi lake, popeza anthu ena a Down syndrome amakhala ndi mafupa awiri oyamba a khosi osagwirana bwino, ndipo kugunda mpira ndi mutu kapena kudumphira m'madzi chamutu kungawavulaze. Kusamala kotereku, kophatikiza ndi kumulola kugwa ndi kugonja ngati wosewera aliyense, n'kumene ndikanakonda kukuona Lachisanu.

Pali chinthu china chimene sichikhudza banja lathu koma sindingachisiye. Mng'ono wanga amalankhula, ndi wochezeka, ndipo ndi wosavuta kumupezera malo. Podikira kunja kwa holo ndadziwana ndi mayi wina amene mwana wake wa zaka 31 ali ndi autism ndipo salankhula, ndipo dzina lake lakhala pamndandanda wodikira ntchito kwa zaka zoposa 2, pamene ena obwera pambuyo pake analembedwa kale. Mnyamatayo amalankhulana ndi anthu popereka makadi a zithunzi, njira yotchedwa PECS imene inayamba ku America mu 1985, koma mwa ogwira ntchito onse a kalabu ndi awiri okha amene amaidziwa. Holoyo ili ndi magetsi othwanima ndi phokoso lobwerera m'makoma, ndipo iye akatseka makutu n'kuyamba kugwedezeka amamutulutsa panja m'malo mochepetsa phokosolo. Zikuoneka kuti bungwe limayamba ndi amene angapereke zotsatira zabwino msanga, mwina chifukwa othandiza ndi ndalama amawerenga chiwerengero cha olembedwa ntchito. Anthu amene Marc Gold ankaphunzitsa kulumikiza mabuleki anali ofanana ndi mnyamata ameneyu kuposa mng'ono wanga.

Amene akuganiza zolembetsa m'bale wawo ku bungwe lotere afunse kuti mlangizi wa ntchito mmodzi amayang'anira anthu angati, kuti olembedwa ntchito chaka chatha akadali pantchito ndi angati ndipo amalipidwa motani, ndiponso kuti athandizi a kunyumba amakhala nthawi yaitali bwanji asanachoke. Apemphenso kukaona kalabu ya zosangalatsa tsiku wamba, osati tsiku la alendo. Ife tinafunsa funso limodzi lokha mwa amenewa, ndipo enawo tawaphunzira mochedwa. Funso limene bungweli silinathe kutiyankha mpaka pano ndi la m'tsogolo. Masiku ano anthu a Down syndrome m'maiko amene chithandizo cha kuchipatala chili chokwanira amafika zaka pafupifupi 60, kutanthauza kuti ambiri adzatsala makolo awo atapita, ndipo chifukwa cha chromosome 21 yowonjezera, kachidutswa ka chibadwa kamene kamachititsa Down syndrome, ali pachiopsezo chachikulu cha matenda oiwalitsa a Alzheimer akamakula. Bungweli lilibe nthambi ya malo okhala, ngakhale kuti gawo 19 la pangano lija limanena za ufulu wosankha kumene munthu akufuna kukhala ndi amene akufuna kukhala naye, ndipo lilibenso dongosolo la mamembala amene ayamba kukalamba.

Tasainanso mgwirizano wa chaka china. Tapempha kuti mthandizi aliyense watsopano azikumana kaye ndi wochokayo pamaso pa mng'ono wanga, ndipo pempho limeneli analivomera. Tapemphanso kuti chikalata cha zolinga za chaka chino chikhale cha zithunzi, ndipo yankho lake tikudikirabe. Msonkhano wake uli mwezi wamawa, ndipo mwini wake wanena kale zimene akufuna kukanena kumeneko: masiku 5 a ntchito pa sabata m'malo mwa 4, ndiponso kuti dansi izitha 10 koloko.